Kuwotcherera tizipangizo ta SMD ndi kupanga bolodi lanu loyamba

Mwezi sutha popanda wina kundipeza ndi funso lomwelo. Wina watsegula dikoda yakufa, waona tinthu takuda tonga nthangala za mapira titamatidwa pa bolodi, ndiye akufunsa ngati munthu angatiwotcherere ndi manja kapena ndi ntchito ya makina okha. Wina anagula kale ayironi, anayesa, ananyotsola mizere ya mkuwa, n'kudziweruza yekha kuti manja ake amanjenjemera kwambiri. Ndayankha pakamwa mpaka malovu kuuma, choncho ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa wotsatira ndizingomulozera.

Ndi manja zimatheka bwinobwino. Kunjenjemera musakuope, poti aliyense amaoneka wonjenjemera pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Anthu amene ndawaona akugwa ulesi, chinawagwetsa ndi nsonga yakuda ya ayironi komanso kuumira flakisi. Solda akasungunuka amathamangira yekha pamene pali potentha ndi poyera. Zonse zili m'munsimu ndi njira zomukonzera malo oterowo.

Tiyambe tagwirizana mawu. SMD ndi tizipangizo timene timakhala pamwamba pa bolodi, topanda miyendo yolowa m'mabowo ngati ta m'mawailesi akale. Padi ndi kabwalo kowala ka mkuwa pamene kachipangizo kamakhazikika. Solda ndi waya wofewa uja timasungunula. Flakisi ndi mankhwala onga phula kapena uchi amene amadya dzimbiri losaoneka ndi maso la pa chitsulo kuti solda agwire. Ndikati ayironi ndikunena yowotcherera. Yositira zovala ndiziti nsimbi, chifukwa nayo ili ndi ntchito yake kutsogoloku.

1. Sonkhanitsani zida, koma musagule dziko lonse

Ayironi ikhale yoti mutha kuiuza mlingo wa kutentha. Zotchipa zija zongolumikiza kukhoma zimangotenthabe mpaka nsonga kupserera, ndipo woyamba kumene sadziwa kuti vuto ndi chidacho, amadziimba mlandu yekha. Timaayironi ta mtundu wa TS100 kapena Pinecil timayendera magetsi a DC, kotero chaja ya laputopu ya 19V imatiyendetsa pulagi yake ikagwirizana. Magetsi akazima mutha kulumikiza ku batire ya sola ya 12V, kungoti pa 12V mphamvu imachepa ndipo kutentha kumabwerera mochedwa.

Nsonga ndi pamene ambiri amalakwitsa pogula. Amaganiza kuti kanthu kakang'ono kamafuna nsonga yonga singano. Nsonga yotero imakhudza padi pa kadontho chabe, kutentha sikuwoloka, ndiye munthu amayamba kukanikiza mpaka padi kunyotsoka. Gulani yaphwatalala kumapeto ngati kasikuludiraiva, ya mamilimita pakati pa 1.6 ndi 2.4. Imeneyo ndi imene ndimagwiritsa ntchito pafupifupi pa chilichonse.

Solda akhale wopyapyala, wa 0.5 mm kapena kucheperapo, wokhala ndi flakisi m'kati. Kwa wophunzira ndimakonda wolembedwa 63/37, kutanthauza magawo 63 a chitsulo cha tini ndi 37 a mtovu. Amasungunuka pa madigiri 183 ndipo amauma nthawi yomweyo osayamba wakhala phala. Wopanda mtovu amafuna madigiri pafupifupi 217, ndipo sayenderera mosavuta. Mtovu ndi poizoni. Musalume waya wa solda ndi mano manja akatanganidwa, musatafune mtedza pa tebulo lomwelo, sambani ndi sopo mukamaliza, ndipo ana asaseweretse timibulu totsala. Utsi umene mukuuona ndi wa flakisi; umakanda pakhosi ndipo kuupuma tsiku ndi tsiku kumatha kuyambitsa mphumu. Tsegulani windo, kafani kazikankhira utsiwo kumbali.

Flakisi gulani wapadera, wa zamagetsi, wa m'sirinji kapena m'kachitini. Okonza mafoni mumsika amamudziwa bwino, afunseni kumene amagula. Wa mapulambala wowotcherera mapaipi musamuyandikize: ali ndi asidi amene amadya mizere ya mkuwa pang'onopang'ono, bolodi n'kufa patapita miyezi.

Zotsala ndi twiza (kopanira tinthu ting'onoting'ono) ya nsonga zokumana bwino, kachingwe kolukidwa ka mkuwa kotchedwa wick koyamwira solda wochuluka, spiriti wa isopropyl ndi mswachi wakale zotsukira, malitimita yolira mawaya ake akakhudzana, nyale yowala, ndi galasi lokulitsa zinthu. Galasi likasowa, kamera ya foni imathandiza poyendera ntchito. Makina ouzira mpweya wotentha asiyeni kaye. Adzafunika mukadzafika pa ma IC (timabokosi takuda tokhala ndi seketi yonse m'kati) okhala ndi zolumikizira kunsi kwa thupi, monga QFN ndi BGA za m'mafoni, ndipo uko si koyambira.

2. Phunzirani kuwerenga tizipangizo

Manambala onga 1206, 0805 ndi 0603 amanena kukula. 1206 ndi 3.2 mm m'litali ndi 1.6 mm m'lifupi, 0805 ndi 2.0 mm ndi 1.25 mm, 0603 ndi 1.6 mm ndi 0.8 mm, ndipo 0402 ndi milimita imodzi yokha m'litali. Yambirani pa 1206 kapena 0805. Ka 0402 mukayetsemula kapita.

Rezisita amalembedwa pamsana. Pa manambala atatu, awiri oyamba muwerenge momwe alili, lachitatu likukuuzani maziro owonjezera: 103 ndi 10 ndi maziro atatu, ndiye 10,000 ohm kapena 10k, 331 ndi 330 ohm. Chilembo R chimaimira kadontho, kotero 4R7 ndi 4.7 ohm. Wolembedwa 0 ndi kawaya chabe kolumphira.

Makapasita a seramiki, akhaki aja, salembedwa kanthu. Wa 100nF ndi wa 10nF amafanana ngati mapasa. Tulutsani mmodzimmodzi m'tepi yake nthawi imene mukumufuna. Mukawakhuthulira m'mbale imodzi mwadzipatsa ntchito yosafunika.

Pali msampha umodzi umene umaphulitsa zinthu. Pa kapasita wa tantalum, mzere uli kumbali ya +. Pa kapasita wa aluminiyamu wonga kachitini, utoto wakuda uli kumbali ya −. Pa daiodi mzere umalozera ku cathode, mbali ya −. Zizindikiro za pa LED zimasiyana malinga ndi wopanga, ndiye musazikhulupirire: ikani malitimita pa chizindikiro cha daiodi, khudzani mbali ziwirizo, ikayaka ndiye kuti waya wofiira uli ku anode, mbali ya +.

IC imakhala ndi kadontho kapena kachibowo pafupi ndi mwendo woyamba. Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba, miyendo imawerengedwa kuchokera pamenepo mozungulira motsutsana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi.

3. Wonongani kaye mabolodi akufa

Musaphunzirire pa bolodi limene mwalidikira milungu ingapo kuti lifike. Tolani dikoda yakufa, DVD, rauta kapena kompyuta yakale. Chotsani rezisita: thirani solda wambiri mbali zonse ziwiri, tenthetsani uku ndi uku mosinthanasinthana msanga, kenako mukankhireni pambali. Yeretsani mapadi ndi wick, mubwezeretseni. Chitani zimenezi kokwana makumi awiri kapena atatu musanakhudze chinthu chimene mumachikonda. Dziwani kuti mabolodi ambiri a kufakitale masiku ano ali ndi solda wopanda mtovu, ndiye akamakana kusungunuka musakanizeni ndi wanu wa 63/37, afewa.

Mabolodi a mbali ya magetsi a kukhoma, monga a m'machaja, m'mainiveta ndi m'ma TV akale a chimsana, muwapewe. Makapasita ake akuluakulu amasunga mphamvu yoopsa ngakhale chinthucho chitazimitsidwa kale. Batire ya lithium ichotsedwe kutali ayironi isanayake.

4. Samalani nsonga

Ikani ayironi pa madigiri pakati pa 320 ndi 350 ngati solda ndi wa mtovu. Ikangotentha, dyetsani nsonga solda mpaka iwale ngati siliva. Nsonga yowala ndi imene imapereka kutentha. Yakuda, ngakhale itatentha bwanji, solda amangoundana pa iyo n'kugwa ngati dontho la madzi pa tsamba la koko.

Ipukuteni pa siponji yonyowa pang'ono kapena pa waya wopotanapotana wa brass musanawotcherere, ndipo muipakenso solda musanaiike pansi kapena kuizimitsa. Musaikhule ndi fayilo kapena sandipepa. M'kati mwake ndi mkuwa wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka chitsulo. Kachikopako kakabooka, solda amadya mkuwawo ndipo nsonga imakumbika dzenje.

Chinanso chimene ambiri sauzidwa: nsonga youma gwa sipereka kutentha bwino. Kadontho kakang'ono ka solda pa nsonga ndi kamene kamadzaza mpata pakati pa nsonga ndi padi kuti kutentha kuwoloke. Kadonthoko si kowotcherera nako, ndi mlatho chabe.

5. Kachipangizo ka mbali ziwiri

Mangani bolodi pa tebulo ndi tepi kuti lisathawe. Khazikani zigongono ndi m'mphepete mwa zikhatho pa tebulo, zala zokha ziziyenda. Kunjenjemera kwambiri kumathera pamenepa.

Pakani flakisi pa mapadi onse awiri. Ikani solda pang'ono pa padi limodzi lokha, la kumbali ya dzanja logwira ayironi. Apa ndi pamene oyamba amalakwitsa kwambiri: amaika solda mbali zonse, kachipangizo n'kukhala pa timapiri tiwiri, mbali ina ikasungunuka ina yauma, ndipo sikakhazikika pansi mpaka kalekale.

Gwirani kachipangizo ndi twiza cha m'mbali, osachifinya, chifukwa mukafinya chimadumpha ndipo simudzachionanso. Sungunulani solda wa pa padi lija, kankhirani kachipangizo m'menemo chogona pa bolodi, ndipo chikafika pamalo chotsani ayironi poyamba. Twiza itsale masekondi awiri solda aume. Mukachotsa twiza poyamba, kachipangizo kamatsatira nsonga.

Yang'anani cha m'mbali. Ngati kapendekeka kapena mbali ina ili m'malere, sungunulaninso uku mukukakanikizira pansi. Konzani panopa pamene kagwidwa mbali imodzi. Mukakhutira, pitani mbali yachiwiri: nsonga ikhudze padi ndi mutu wa kachipangizo nthawi imodzi, dyetsani solda pokumanira pakepo, werengani mpaka katatu, chotsani solda, kenako ayironi. Bwererani ku mbali yoyamba ndi kadontho ka flakisi, itenthetseninso pang'ono, poti flakisi wake anapsa kale pamene munkakhazika.

Mfundo yabwino, ndiko kuti solda wouma polumikizira paja, imakwera kuchoka pa padi kupita pa kachipangizo motsetsereka, yosalala. Ikakhala mbulu wozungulira, mwina solda wachuluka kapena padi silinatenthe. Ikatuluka kanyanga pochotsa ayironi, flakisi watha. Onjezerani flakisi, osati solda.

Tsiku lina mudzakumana ndi padi lokana. Mbali ina yagwira bwino, koma ina solda akungomatirira ngati chingamu. Kawirikawiri limenelo ndi padi lolumikizidwa ku GND, mbali ya − ya magetsi, ndipo kuseri kwake kuli chimunda chonse cha mkuwa chimene chikumwa kutentha kwanu. Mtima umakuuzani kuti mukweze ayironi kufika 450. Musatero: flakisi amapsa nthawi yomweyo, nsonga imada, ndipo guluu womata mkuwa pa bolodi amafooka. Tengani nsonga yokulirapo, goneketsani mbali yake yaphwatalala pa padi ndi kadontho ka solda, dikirani masekondi angapo owonjezera. Likakanabe, funditsani kaye bolodi lonse ndi choumitsira tsitsi.

6. IC ya miyendo yambiri

Apa ndi pamene anthu amabwerera, ndipo malangizo ambiri amangoti "wotchererani IC" ngati n'kumwa madzi. Ndichedwapo.

Yambirani pa IC ya mtundu wa SOIC, imene miyendo yake imatalikirana 1.27 mm. Pambuyo pake mudzayese TQFP ya miyendo 32 ngati ya ATmega328P, ya 0.8 mm, kenako TSSOP ya 0.65 mm. Njira ndi imodzi.

Musanatulutse IC m'thumba lake, khudzani chitsulo cholumikizidwa ndi nthaka. Nyengo youma, makamaka mutavala juzi ya nayiloni, thupi limasunga timagetsi tija timathetheka povula zovala, ndipo timatha kupha IC popanda chizindikiro chilichonse.

Ntchito yaikulu ndi kukhazika, kuwotcherera kumabwera pambuyo. Mapadi akhale athyathyathya; ngati pali solda wakale, yamwani ndi wick. Pakani flakisi. Ikani solda pang'ono pa padi limodzi la pakona. Pezani mwendo woyamba, pezani chizindikiro chake pa bolodi, yang'ananinso kachiwiri. Ine ndinawotchererapo miyendo 32 yonse mokongola kwambiri, n'kuzindikira pomaliza kuti IC yazondoka, ndipo kuichotsa kunanditengera madzulo onse ndi mapadi awiri.

Sungunulani pakona paja, khazikani IC, chotsani ayironi. Tsopano tengani galasi, yenderani mbali zonse. Mwendo uliwonse ukhale pakati pa padi lake. Pa IC ya mbali zinayi, n'zotheka mbali ziwiri kukhala bwino zina ziwiri zitasuntha theka la padi. Ngati yakhota, sungunulani mwendo umodzi uja musunthe. Musaipotoze solda ali wouma, mungathyole mwendo kapena kunyotsola padi. Bwerezani kasanu ngati kufunika. Mphindi zisanu za pano n'zotchipa. Ikakhala bwino, gwirani mwendo wa pakona yoyang'anizana nayo. Tsopano siingasunthenso.

Pa SOIC mutha kuwotcherera mwendo umodziumodzi ngati marezisita aja. Pa miyendo yothithikana gwiritsani ntchito njira yokoka. Thirani flakisi pa mzere wonse wa miyendo, wochuluka mpaka muchite manyazi. Ikani kadontho ka solda konga kanthangala ka mawere pa mbali yaphwatalala ya nsonga. Yambirani mbali imene ilibe mwendo wogwirizira. Khazikani nsonga kumapazi a miyendo, pamene mwendo wagona pa padi, ndipo ikokeni pang'onopang'ono kutsata mzerewo, pafupifupi sekondi imodzi pa mwendo uliwonse, osakanikiza. Nsonga izingotsetsereka pa flakisi.

Chimene chimachitika n'chodabwitsa ulendo woyamba. Mwendo uliwonse umadzitengera solda wokwanira, ndipo pakati pa miyendo pamatsala poyera, chifukwa solda sagwira pa utoto wobiriwira wa bolodi. Amakokedwa ndi chitsulo chotentha chimene flakisi wayeretsa. Inu ntchito yanu ndi kubweretsa kutentha basi.

Kumapeto kwa mzere miyendo iwiri kapena itatu imalumikizana ndi solda wotsala. Zimachitikira aliyense. Musaikepo mpeni kapena singano. Pukutani nsonga iyere, onjezerani flakisi pa mlathowo, khudzani, kokerani nsonga kunja motsata kutalika kwa miyendo, kuchoka ku thupi la IC. Solda wina atsatira nsonga. Pukutani, bwerezani. Kawiri katatu mlatho umaduka. Ukakanika, dulani kachidutswa katsopano ka wick, kanyowetseni ndi flakisi, kagonekeni pa mlathowo, ikani nsonga pamwamba. Solda akayamba kulowa mu wick, nyamulani wick ndi ayironi limodzi. Mukachotsa ayironi yokha, wick amamatirira, ndipo pomukoka mumazula miyendo ndi mapadi omwe. Musamukhulenso cham'mbali pa miyendo yopyapyala.

Mzere umodzi ukatha, ipatseni IC kamphindi izizire musanapite ku wina. Mfundo ikakana katatu, imani. Kubwerezabwereza pa malo amodzi ndi flakisi wopsa kale ndi kumene kumanyotsola mapadi. Tsukani, pakani watsopano, yambaninso.

7. Tsukani, yenderani

Tsukani ndi isopropyl ndi mswachi, pukutani ndi kansalu kosasiya ubweya. Spiriti wapepo wa m'magolosale amachotsa flakisi ndithu, koma amasiya utoto ndi zoyerayera, ndiye akhale wa pangozi. Bolodi likauma liyang'aneni pa kuwala, mopendeketsa. Tengani singano, kankhani mwendo uliwonse wa IC pang'ono kwambiri. Wosuntha sunagwire, ngakhale pamwamba ukuwala. Kenako ikani malitimita polira, yesani miyendo yoyandikana iwiriiwiri. Ikalira pamene chojambula chanu cha malumikizidwe sichikusonyeza kulumikizana, pali mlatho wobisika, nthawi zina kuseri kwa miyendo pafupi ndi thupi la IC.

8. Jambulani bolodi lanu

Bolodi loyamba likhale lonyozeka: LED yophethira yoyendetsedwa ndi NE555. IC imeneyi anaipanga Hans Camenzind, inatuluka ku kampani ya Signetics mu 1972, ndipo mpaka lero ikupezeka paliponse, ya SOIC ya miyendo 8 yomwe. Mwendo 1 upite ku GND, 8 ndi 4 ku 5V. Rezisita wa 10k achoke ku 5V kupita ku mwendo 7, wa 68k achoke ku 7 kupita ku 6. Mwendo 6 ulumikizane ndi 2, ndipo pamenepo kapasita wa 10µF atsikire ku GND. Mwendo 3 udutse mwa rezisita wa 330 ohm ndi LED kupita ku GND. Onjezerani 10nF kuchoka ku mwendo 5 kupita ku GND, ndi 100nF pakati pa 5V ndi GND pafupi kwambiri ndi IC. Liwiro lake ndi 1.44 kugawa ndi (R1 + 2 × R2) × C, pomwe R1 ndi 10k, R2 ndi 68k, C ndi 10µF uja, zimene pa manambala awa zikupereka kuphethira pafupifupi kamodzi pa sekondi.

Pulogalamu yojambulira tengani KiCad. Ndi yaulere, anaiyamba Jean-Pierre Charras ku France mu 1992, ndipo mukaiika pa kompyuta imagwira popanda intaneti, kotero bandulo imangopita poikopera. Mumayamba ndi chojambula cha malumikizidwe, kenako mumasankhira kachipangizo kalikonse footprint, ndiko kuti mapazi ake a mkuwa pa bolodi, kenako mumayala tizipangizo ndi kukoka mizere. Pa marezisita ndi makapasita sankhani ma footprint okhala ndi mawu akuti HandSolder. Mapadi ake ndi otalikirapo, nsonga imapeza pokhala. Siyani mpata pakati pa tizipangizo. Palibe amene akukupatsani mphoto ya bolodi laling'ono. Mizere ya 0.3 mm kapena 0.4 mm ndi yokwana pa ntchito ngati iyi, ya magetsi muikulitseko. Mukadzaza malo otsala ndi mkuwa wa GND, siyani mapadi alumikizidwe ndi timizere topyapyala tija KiCad imaika yokha, kuti musadzipangire padi lokana la mu gawo 5. Pomaliza yendetsani DRC, imene imakusonyezani mizere yoyandikana kwambiri ndi yosalumikizidwa.

DRC siidziwa ngati footprint ikugwirizana ndi kachipangizo kamene kali m'manja mwanu. Choncho pulintani bolodilo papepala pa kukula kwake kwenikweni, 1:1, yezani ndi rula kuti pulinta sinachepetse, ndipo khazikani tizipangizo tenitenito papepalapo. SOIC ya miyendo 8 ilipo yopapatiza ya thupi la 3.9 mm ndi ina yotambalala ya 5.3 mm. Matiransisita a SOT-23 amafanana maonekedwe koma miyendo yake siigwira ntchito zofanana nthawi zonse, ndiye tsegulani datasheet (chikalata cha wopanga chofotokoza kachipangizo) ya amene mwagulayo. Izi zikutanthauza kuti tizipangizo mugule kaye, bolodi pambuyo.

9. Kufakitale kapena pakhomo

KiCad imatulutsa mafayilo a Gerber, amene fakitale imawerenga popanga bolodi, ndi a mabowo. Mumawamanga mu zip n'kuwatumiza ku mafakitale onga JLCPCB kapena PCBWay a ku China, amene amapanga kuyambira mabolodi asanu. Zosankha zimene zilipo kale, FR-4 ya 1.6 mm ndi mbali ziwiri za mkuwa, zisiyeni momwemo. Kwathu kuno mtengo wa mabolodiwo si umene umapweteka. Chopweteka ndi mtengo wotumizira, msonkho wa kasitomu, ndi kupeza khadi yolipirira kunja. Gwirizanani anthu atatu anayi muitanitse pamodzi. Musanalipire, tsegulani ma Gerber anu m'chowonetsera muone ndi maso kuti malire a bolodi ndi mabowo zilipo.

Pakhomo zimathekanso ngati mwapeza bolodi la mkuwa ndi mankhwala odya mkuwa otchedwa ferric chloride. Kulitsani mizere ifike 0.5 mm kapena kuposa. Pulintani ndi pulinta ya laser pa pepala loterera ngati la magazini. Ya inki yamadzi siigwira. Popeza tizipangizo ta SMD timakhala mbali ya mkuwa wa pamwamba, chithunzicho chipulintidwe chotembenuza ngati pagalasi, apo ayi IC yanu idzafuna kuwotchereredwa chagada. Kwechani mkuwa uwale, musaukhudzenso ndi zala, vundikirani pepala, sitani ndi nsimbi yotentha mokanikiza kwa mphindi zingapo, viikani m'madzi mpaka pepala lifewe, lifikiseni ndi chala. Poduka konzani ndi maka yosafufutika. Viikani mu ferric chloride m'kontena ya pulasitiki, muzigwedeza, mpaka mkuwa wosaphimbidwa uthe. Valani magolovesi ndi zovala zotha ntchito chifukwa banga lake silichoka. Mankhwalawa amadya ziwiya zachitsulo, ndipo otsala ali ndi mkuwa wosungunuka, choncho asungeni m'botolo lolembedwa bwino, kutali ndi ana. Musawathire m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Bolodi la pakhomo lilibe utoto wobiriwira uja, ndiye solda amayenderera m'mizere ndipo milatho imachuluka. Chepetsani solda.

10. Kumanga ndi kuyatsa koyamba

Yambani ndi IC pamene bolodi lili poyera, kenako marezisita ndi makapasita, LED, ndipo zazitali monga zolumikizira mawaya zibwere pomaliza kuti zisatchinge ayironi. LED siipirira kutentha ngati rezisita, musachedwepo.

Musanalumikize magetsi, yesani pakati pa 5V ndi GND. Kulira kwa kamphindi n'kusiya ndi makapasita akudzaza. Kulira kosalekeza ndi shoti, ndipo muipeze kaye. Mukayatsa, ikani chala pa IC. Ikatentha moti simungapirire, zimitsani msanga muone ngati sinazondoke. Power bank zina zimazima zokha katundu akamakoka mphamvu yochepa chonchi, ndiye bolodi likaphethira pang'ono n'kusiya, yesani chaja ya foni musanayambe kulikayikira.

LED ikapanda kuyaka, ikani malitimita pa mwendo 3. Ngati nambala ikukwera kupitirira 3V n'kutsikira pafupi ndi ziro mobwerezabwereza, IC ili moyo, LED ndiyo yatembenuka. Ngati yangoima, yesani pa mwendo 4 muone ngati pali 5V, kenako pa kapasita wa 10µF: pamenepo magetsi ayenera kumakwera ndi kutsika pakati pa 1.7V ndi 3.3V, chifukwa NE555 imasinthira pa gawo limodzi ndi magawo awiri mwa atatu a magetsi oiyendetsa. Akaima pamwamba osatsika, kayang'aneni mwendo 6 ndi 7 ndi singano ija. Ikamaphethira mofulumirirapo kuposa mmene munawerengera, musasinthe kanthu: kapasita wa seramiki wa 10µF wamng'ono chonchi amataya gawo la mphamvu yake yosunga akakhala pa magetsi a DC, ndipo mukafuna sekondi yokwana muikepo wa 1206 kapena mukweze 68k uja kufika 82k.